Kaodzera Ananditengera Mlongo, Nandisiyira Mwamuna

Abusa ndi amayi busa, akulu a mpingo, amayi anzanga, abambo, ndi inu achinyamata kumbuyoko, ndikupatseni moni nonse m'dzina la Ambuye wathu Yesu.

Ndikufuna kuchitira umboni. Abusa anandiuza kalekale kuti ndidzaime pano, koma ndinkati ndikaganiza, poyambira pankandisowa. Lero ndalimba mtima. Mukaona ndakhala chete mungondidikira, ndipitiriza.

Kwa alendo amene simukundidziwa, ine ndine mayi a Lonjezo. Kwathu kobadwira ndi ku Nathenje, kuno ku Mitundu ndinabwera pa chitengwa. Amuna anga, bambo a Lonjezo, ndi awo atsamira khoma awo. Amene mwayamba kupemphera nafe posachedwa mukuwadziwa ngati munthu woyenda pang'onopang'ono, wopumira panjira. Koma funsani akuluakulu awa. Njerwa za tchalitchi chino anaumba nawo, ndipo dothi ankaponda kuyambira mmawa mpaka dzuwa kupendeka. Thumba la chimanga ankaliponya paphewa okha popanda wowatukula. Anali munthu wotero.

Ndinali ndi mlongo wanga, dzina lake Kambani. Anali chitsiriza m'mimba mwa mayi athu, mwamuna yekhayo pakati pa ife akazi. Mnyamata wansangala, woseka ndi aliyense, woti akafika pakhomo ana onse amamuthamangira. Anali atangokwatira kumene, mwana wake akadali kumbuyo. Munda wa ku Nathenje ndi waung'ono, tinagawana mpaka unatha. Ndiye atamva kuti alamu ake, bambo a Lonjezo, akupita kukagwira utenanti ku esiteti ina ya fodya cha ku Kasungu, anabwera kudzawapempha kuti apite nawo. Mayi athu sankafuna. Ankati mwana wawo sanayendepo kutali. Ine ndinawalimbitsa mtima, ndinati akhala ndi alamu ake, palibe chomwe chingamuonekere. Anapita onse awiri, akusekerera, ine ndinawaperekeza mpaka pokwerera minibasi.

Esiteti imeneyo inali m'malire ndi nkhalango yosungirako nyama zakutchire. Amati kumeneko kuli ntchentche zoluma zija amazitcha kashembe. Zimaluma ngakhale pamwamba pa malaya, ndipo zimawawa ngati wakubaya ndi singano. Anthu akumeneko anazizolowera, amangoziphwanya ndi dzanja n'kupitiriza ntchito. Chakumapeto kwa nyengo, fodya atatha kupita ku msika, awiriwa ankapita m'mphepete mwa nkhalangomo kukadula mitengo yokonzera zigafa, zisakasa zoyanikamo fodya zija. Kumeneko ndi komwe analumidwa kwambiri. Kambani anatuluka chotupa pakhosi, bambo a Lonjezo pamsana. Chinkaoneka ngati chithupsa koma chosaphulika. Patapita masiku chinaphwa chokha, iwo n'kuiwala.

Abale anga, anaiwala. Ndani angakumbukire chithupsa?

Anabwerako nthawi yozizira. Bambo a Lonjezo anabwera kuno, Kambani anapitirira kwathu ku Nathenje. Amuna anga chaka chimenecho zinawayendera, anagula malata. Kambani fodya wake sanachite bwino, poti kanali koyamba, anabwera ndi zochepa. Pa nthawiyo palibe amene anaonapo chachilendo.

Sipanapite nthawi, uthenga unabwera woti Kambani akudwala malungo. Anamugulira mankhwala pa golosale, thupi linazizira, anadzuka. Kenako linatenthanso. Anamwanso, linazizira, linatenthanso. Mutu sunkamusiya. Nditapita kukamuona ndinamupeza atakhala pakhonde, miyendo itatupa, patapata osalowa. Anandiuza kuti akayenda kuchoka pakhomo kufika pamjigo amakhala ngati wathamanga mtunda wautali. Anagwira dzanja langa n'kuliika pachifuwa pake. Mtima unkagunda ngati nkhuku yogwidwa miyendo, kuphiriphita, kenako kukhala ngati waima, kenako kuyambiranso. Iye n'kumaseka, akuti achemwali musadandaule, ndi kutopa kwa ku esiteti, ndikapuma zitha.

Tsiku limenelo linali lomaliza kumuona wamoyo.

Mkazi wake anandifotokozera pambuyo pake kuti anali masana, dzuwa lili pamutu. Kambani anatuluka kuti akamasule mbuzi yomwe inakodwa ndi chingwe. Anawerama, anaweramuka, anati mkazi wanga ndikuona mdima. Anakhala pansi pamenepo, ndipo sanadzukenso.

Ndipatseni kamphindi.

Pamaliro paja, abale, ndinaona zomwe sindinaganizepo. Tinangofika, anthu onse chete. Azakhali anga anayamba kulira motchula mawu, akuti anapita awiri, wina wabwera ndi malata, wina wabwera ndi imfa. Aliyense anamva tanthauzo lake. Ankanena kuti amuna anga anakhwimira mlamu wawo kuti fodya wawo ayende bwino. Atsibweni anga anawauza bambo a Lonjezo kuti asayandikire bokosi, asapitenso kumanda. Munthu amene wakumba manda a anthu ambirimbiri kuno, anamuletsa kuponya dothi pa mlamu wake. Ine ndinalowa m'nyumba ya siwa kuti ndikagwire mayi anga. Anachotsa dzanja langa, n'kutembenukira kukhoma. Anangonena kuti, "Munamutenga wamoyo mwana wanga. Mwandibwezera chiyani?"

Tinabwerera kuno tsiku lomwelo. Mlongo wanga ndinamulirira m'minibasi, pakati pa anthu osawadziwa.

Chomwe anthu a kwathu sankadziwa n'choti nawonso bambo a Lonjezo anali atayamba kale kudwala. Kungoti iwo thupi lawo linali lolimba, matenda ankawadya pang'onopang'ono. Thupi kutentha, kuzizira, kutentha, kuzizira. Atachoka kumaliro kuja zinakula. Anayamba kuonda kumtunda kuno, koma miyendo ikutupa. Ukadina ndi chala pa mwendo, dzenje limatsala. Kugona chagada sankatha, ankati akumira, ndiye ankagona chokhala atatsamira khoma. Masana ankangosinza. Mukucheza nawo bwinobwino, mupeza mutu wagwa. Tsiku lina anagona mbamu ili m'manja.

Nkhani inafika kuno isanathe sabata. Pamsika ndikamadutsa amayi ankagwirana zigongono. Ankati mankhwala amubwerera mwini wake, mzimu wa mnyamata uja sukumugoneka. Sindikutchula munthu, ndipo sindinaime pano kuti ndichititse wina manyazi, koma ngakhale ena a mumpingo muno anasiya kuponda pakhomo pathu. Sindikukuimbani mlandu. Nanenso, ine mkazi wa bambo a Lonjezo, panali tsiku lina ndinawayang'ana akusinza, mumtima n'kufunsa kuti kodi kapena n'zoona? Satana amalowera pamene munthu watopa.

Ndinkawachonderera kuti tipite kuchipatala, iwo ankakana. Poyamba ankati ndi malungo, atha. Kenako anasiya n'kuyankha komwe. Tsiku lina nditawakakamiza kwambiri anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mayi a Lonjezo, ndisiyeni. Ndikafa mwina apongozi akhulupirira kuti sindinaphe mwana wawo."

Ndinawayankha kuti mukafa ndiye anena kuti zatsimikizika, ndipo ana anuwa adzakula akutchedwa ana a mfiti. Ndinatuluka, ndinabwera molunjika kwa abusa. Abusa, mukukumbuka, ndinakupezani mukuthirira mbewu kudimba, ndinagwada m'matope momwemo. Simunandifunse zambiri. Munaitana abambo a mumpingo muno, munabwereka ngolo, munapemphera pakhomo pathu, ndipo amuna anga munawanyamula ngati mwana. Kuchipatala kuno atangowamvetsera pachifuwa anati uyu ndi wa ku chipatala chachikulu, ndipo anatitumiza mu tauni tsiku lomwelo.

Kumeneko tinapeza adokotala achizimayi, odekha poyankhula. Anawayeza malungo, sanawapeze. Anawajambula pachifuwa, anati mtima wakula kuposa msinkhu wake ndipo m'mapapo muli madzi. Kenako anandifunsa ngati amuna anga amapitapita kunkhalango. Ine ndinaganiza za nkhalango ya Dzalanyama, ndinati nthawi zina amakatenga nkhuni. Anapukusa mutu, anati akufunsa za nkhalango ya nyama, kumene kuli kashembe. Pamenepo ndinawauza za ku esiteti, ndipo bambo a Lonjezo, ndi kamawu kotsalira, anatchula chithupsa chija. Adokotala anatenganso magazi ena. Anatenganso madzi a pamsana. Atabwerako anakoka mpando n'kukhala pafupi nane, n'kunena kuti matendawa ndi kaodzera.

Ine kaodzera ndinkangomumvera pa wailesi. Ndinkadziwa kuti ndi matenda ogonetsa tulo. Ndinafunsa kuti nanga tulo tikugwirizana bwanji ndi miyendo yotupa ndi mtima? Anandifotokozera, ndipo ndikufuna nanunso mumve, chifukwa ambiri muno amuna anu ndi ana anu amapita ku maesiteti.

Anati kashembe ikaluma nyama yakutchire imatenga tizilombo tosaoneka ndi maso, ndiye ikadzaluma munthu imatisiya m'thupi mwake. Chotupa chija ndi pamene tinalowera. Tikalowa timaswana m'magazi. Asilikali a m'thupi amatithira nkhondo, n'chifukwa chake thupi limatentha. Amapha tambiri, munthu n'kumva bwino. Koma tina timasintha maonekedwe, asilikali aja osatizindikira, timaswananso, thupi n'kutenthanso. Ndiko kutentha ndi kuzizira komwe ife tinkati malungo. Tikakhalitsa sitikhala m'magazi mokha, timalowerera m'minofu, ndipo malo amodzi omwe timakonda ndi mnofu wa mtima.

Anandiuza kuti ndifumbate dzanja, ndifumbatule, ndifumbatenso. Anati mtima ndi mnofu, ntchito yake ndi imeneyo, kufinya magazi kuti ayende thupi lonse, osapuma chibadwire. Tizilombo tikalowa mmenemo, asilikali a m'thupi amatitsatira momwemo, nkhondo n'kumachitikira mkati mwa mnofu wa mtima. Ine ndinamva ngati mmene zimakhalira mbuzi zikalowa mu nazale ya fodya. Mbuzi zimadya mbande, koma nawonso anthu othamangitsa mbuziwo amaponda mbande zambiri. Mnofu uja umatupa, umapweteka, umafooka. Ukafooka sufinyanso mokwanira, ndiye madzi amatsalira m'miyendo ndi m'mapapo, munthu n'kumabanika. Anatinso mumtima muli timitsempha timene timauza mtima nthawi yogunda. Kutupa kukafika pamenepo mtima umasokonezeka, umathamanga, umadumphitsa, ndipo ukhoza kungoima munthu ali chiimire. Tulo tija anati timabwera tizilombo tikayamba kufika ku ubongo, koma ena mtima umawapha tulo tisanayambe n'komwe.

Atanena kuti munthu ali chiimire, ndinakumbukira mlongo wanga. Ndinawauza za Kambani, zonse, kuyambira chotupa cha pakhosi mpaka mbuzi ija. Anati sangalumbire pa munthu amene sanamuyeze, koma zonse zomwe ndafotokoza ndi za matenda omwewa. Ndinafunsa ngati akanachira. Anati mankhwala alipo, ndipo munthu akabwera msanga amachira bwinobwino.

Ndinatuluka panja, ndinakhala pansi pa mtengo, ndinalira ngati maliro achitika tsiku lomwelo. Mankhwala analipo, abale. Kuchoka ku Nathenje kufika mu tauni ndi ulendo woti umapita mmawa n'kubwerako nkhomaliro isanapse. Mankhwala analipo, ife tikugula mapiritsi a malungo pa golosale. Mankhwala analipo, ife tikulozana zala.

Tinakhalitsa m'chipatalamo. Mankhwala ake ndi amphamvu, panali masiku ena ndinkaona ngati akuwonjezera matenda. Ankanjenjemera, ankasanza, nthawi zina osandizindikira. Ine ndinkagona pansi pambali pa bedi, pemphero langa linali limodzi lokha, loti Ambuye mwatenga mmodzi, uyu ndisiyireni. Amayi a mumpingo muno munkabwera mosinthana ndi ufa ndi nkhuni, ena mwa inu ndi omwe aja munasiya kubwera kunyumba, ndipo ndinakulandirani ndi mtima wonse. Pang'onopang'ono miyendo inayamba kuphwa. Tulo ta masana tinachepa. Tsiku lina mmawa ndinawapeza atagona chagada, akupuma bwinobwino ngati munthu. Ndinaima n'kumangowayang'ana. Adokotala atawayezanso anati tizilombo tatha.

Koma adokotala sanatibisire. Anati pamene panali nkhondo pamatsala zipsera, ndipo chipsera sichifinya ngati mnofu wabwino. Tinachedwa. Akanabwera thupi litangoyamba kutentha, mtima ukanabwerera mwakale. Pano amamwa mankhwala a mtima tsiku lililonse, mchere timaika pang'ono, khasu anawaletsa, katundu wolemera anawaletsa. Ndimalima ndine ndi ana. Iwo amakhala pamthunzi n'kumasoka fodya, kapena kusankha mtedza. Nthawi zina ndimawaona akuyang'ana anzawo akupita kudimba makasu ali paphewa, amayang'ana mpaka atapota. Ine ndimadziwa zomwe zili mumtima mwawo.

Titatuluka m'chipatala, chinatsala ndi cha ku Nathenje. Ndinazengereza, ndinkaopa. Kenako ndinapita ndekha. Ndinawapeza mayi anga akuswa mtedza pakhonde, ataonda, tsitsi litachita mbuu. Sanandilonjere. Ndinakhala pansi chapatali n'kuyamba kufotokoza, za kashembe, za chotupa, za tizilombo, za mtima, monga ndakufotokozerani inumu. Manja awo sanasiye kuswa mtedza. Nditafika pa miyendo yotupa ndi kugona chokhala, manja anaima. Anati Kambani nayenso masiku omaliza ankagona atatsamira thumba la chimanga.

Kenako anandiyang'ana, koyamba chichitikireni maliro, n'kufunsa kuti, "Ndiye ukuti mwana wanga akanachira?"

Abale, ndinafuna kunama. Ndinafuna kunena kuti ayi mayi, inali nthawi yake. Koma ndikanatero, mlandu ukanatsala pa amuna anga. Ndinati, "Adokotala akuti akanachira, mayi."

Anadzuka, mtedza unakhuthukira pansi, anapita kuseri kwa nyumba. Kulira komwe ndinamva kumeneko sindidzakuiwala. Nditawatsatira anandigwira chitenje n'kundiuza chinthu chomwe sindinkachidziwa. Anati kutatsala masiku ochepa kuti amwalire, Kambani anapempha kuti amutengere ku chipatala cha mu tauni. Akuluakulu a pabanja anakana, anati matenda olodzedwa akakumana ndi jakisoni munthu amafa pomwepo, ndipo anapita naye kwa sing'anga. Mayi anavomera chifukwa ankafuna kupulumutsa mwana wawo. Ankabwereza mawu amodzimodzi, anapempha yekha, anapempha yekha. Tinangogwirana pamenepo, tinalira maliro omwe tinalephera kulirira limodzi.

Ndinapita kukachotsa mlandu pa mwamuna wanga, koma ndinakasiya katundu pamutu pa mayi anga. Mpaka lero sindidziwa ngati panali njira ina yonenera.

Patapita masabata angapo, ndili kuseri ndikutsuka mbale, ndinamva odi. Anali mayi anga, atanyamula nkhuku. Inu mukudziwa mwambo wathu, mpongozi ndi mkamwini sakhalirana pafupi, akakumana panjira wina amapatuka. Bambo a Lonjezo atamva mawu awo anayamba kudzikoka kuti alowe kuchipinda. Mayi anawaletsa. Analowa, anakhala pamphasa yomweyo, anayang'ana miyendo yawo, anayang'ana nkhope yawo. Anati, "Bambo, ndinakuthamangitsani pamaliro pomwe nanunso munali mukufa. Ndikhululukireni."

Amuna anga sindinawaonepo akulira, ngakhale pa maliro a bambo awo. Tsiku limenelo analira. Anati iwo zomwe zimawapweteka si mawu a pamaliro, koma kuti anamutenga mnyamata uja n'kulephera kumubweza bwino. Pambuyo pake atsibweni anga anatuma uthenga, tinapita ku Nathenje, ndipo anawaperekeza kumanda kukaona pamene anagona mlamu wawo. Anayenda pang'onopang'ono, akupumira, koma anafika.

Chinanso choti ndithokoze, bambo a Lonjezo anaimbira foni anzawo amene anali nawo ku esiteti kuja. Mmodzi wa ku Dedza anali atayamba kale kutentha thupi. Anapita kukayezetsa, anamupeza nato tizilombo, anamupatsa mankhwala mtima usanakhudzidwe. Lero akulima ngati kale. Ndimakondwera naye, koma sindinama, ndikamva dzina lake ndimaganiza za Kambani.

Ndiye amayi anzanga, abambo, wanu akabwera kuchokera kumadera a nkhalango, thupi n'kumatentha mobwerezabwereza, mankhwala a malungo osathandiza, musadikire kuti miyendo itupe. Pitani naye kuchipatala, ndipo mukawauze adokotala kumene anali ndi chomwe chinamuluma. Pempherani, inde, koma pempherani muli panjira.

Mwina wina akufunsa kuti umboni wake uli pati, poti mayiyu wangolira chiyambire. Umboni wanga ndi uwu. Ndikanakhala wamasiye, sindine wamasiye. Ana anga akanakula ndi dzina loipa, dzinalo Mulungu walichotsa. Ndinataya mayi anga ali moyo, Mulungu wandibwezera. Mlongo wanga yekha ndiye sanandibwezere, ndipo sindinafike pomvetsa chifukwa chake. Mwana wake wayamba kuyankhula tsopano, amaseka ngati bambo ake. Ndikamuona ndimathokoza, ndiponso ndimamva kuwawa, zonse pamodzi. Ndaphunzira kubwera nazo zonse ziwiri pamaso pa Ambuye.

Zikomo abusa chifukwa cha ngolo ija. Zikomo abambo amene munanyamula amuna anga. Zikomo amayi chifukwa cha ufa ndi mapemphero. Koposa zonse ndikuthokoza Mulungu amene anagwira mtima wotupa uja kuti usaime.

Bambo a Lonjezo, taimirirani anthu akuoneni. Pang'onopang'ono, gwirani benchi. Ndi amenewo, abale, aimirira okha.

Kondwerani nane. Ine mawu andithera, sindingathe kuyambitsa nyimbo, koma amayi a kwaya yambitsani inu, ndikupezani pakolasi. Amen.